Ankadziwa njira ya kwathu pamene ankafuna manja athu

Ndine mmodzi mwa amuna amene anakumba golide ku South Africa, poyamba pa kontirakiti ya Wenela, kenako ya Theba. Kwathu ndi ku Dedza, ndipo zaka zanga zadutsa 70. Ndalama zanga za ukalamba zinatsala ku Joni pamene ntchito inatha mu 1988, ndipo zinandipeza patapita zaka zoposa 30. Mwa amuna amene tinkagona chipinda chimodzi ku komboni, amene ndikumudziwa kuti analandira akadali moyo ndine ndekha. Ndafuna kufotokoza mmene zinayendera chifukwa m'midzi muno nkhani ya ndalama za ku Theba ili pawiri. Ena amati kuli mamiliyoni akudikira aliyense, ena amati ndi bodza la pa kampeni. Zonse ziwiri si zoona, ndipo pamene anthu akukangana choncho, eni ndalamazo tikuwaika m'manda mmodzimmodzi.

Ndinanyamuka koyamba mu 1972. Masiku amenewo mnyamata sankavutika kufuna njira ya ku Joni. Olemba anthu ntchito anali ndi maofesi m'maboma, magalimoto awo ankafika mpaka m'misika ya kumudzi, ndipo tonse tinkaona zimene achimwene athu ankabwera nazo: njinga, wailesi, mabulangete olemera, makina osokera. Msonkho unkafunika chaka ndi chaka, ndipo wopita ku chikamwini chimanjamanja ankasekedwa.

Tsiku lolembetsa ndilo linadzandivutitsa nditakalamba, choncho ndilifotokoze bwinobwino. Kalaliki anakhala pa tebulo ndi buku lalikulu, ife tili pa mzere padzuwa. "Dzina?" Ndinatchula dzina limene amayi ankandiitana nalo pakhomo. "Bambo ako ndani?" Ndinatchula dzina la bambo anga. Iye anangolumikiza mayina awiriwo, zatha. Mfunda wanga sanaufunse, dzina langa la ubatizo sanalifunse, ndipo mnyamata wa kumudzi sakanayamba kuphunzitsa kalaliki ntchito, anthu ambirimbiri akudikira kumbuyo. Atafunsa chaka chobadwa ndinayankha zimene amayi ankanena, kuti ndinabadwa patapita zaka ziwiri chithere njala ya 1949. Anandiyang'ana kumaso, n'kulemba chaka chimene iye anaona kuti chikundiyenera. Pomaliza anandigwira dzanja, n'kudinda zala zonse khumi pa inki ndi pa pepala.

Tinagona ku Blantyre, pamalo paja mpaka lero akupatchabe pa Wenela ngakhale tsopano ndi pokwerera mabasi. Pa Chileka tinakwera ndege mpaka ku Francistown m'dziko la Botswana, kuchoka apo sitima mpaka ku Johannesburg, ku depoti imene tinkaitcha Mzilikazi. Kumeneko anativula, kutiyeza, kutijambula m'chifuwa, n'kutigawa ku migodi. Ine ndinagwera ku mgodi wina wa golide kufupi ndi Carletonville. Tisanatsike pansi anatilowetsa m'chipinda chotentha ndi nthunzi, kukwera ndi kutsika pa kasitepe maola angapo, kuti aone ngati thupi lipirire kutentha kwa pansi. Ena ankakomoka. Amene tinapirira tinapatsidwa chipewa cholimba, majombo ndi nambala. Kuyambira tsiku limenelo dzina linasiya kugwira ntchito. Pa chikepe ankaitana nambala, pa chakudya nambala, pa malipiro nambala, ku chipatala nambala.

Ndinayamba ngati malayisha, kukoka miyala ndi fosholo pamalo poti sungaimirire, ntchito yogwira chogwada. Pambuyo pake ndinagwira makina oboola mwala, ndipo zaka zomalizira ndinali kapitawo wa gulu. Gawo lalikulu la malipiro athu sitinkalandirira ku mgodi. Linkatumizidwa kuno, n'kudzatipeza tikamaliza kontirakiti. Ndalama zimene tinkazidziwa ndi zimenezo. Ukazilandira, wagula njinga ndi ng'ombe, umadziwa kuti iwe ndi mgodi mwathana. Palibe induna, palibe kalaliki, palibe mzungu amene anandikhazika pansi n'kundiuza kuti kuli thumba lina limene likusunga ndalama m'dzina langa, za tsiku limene ndidzaleke ntchito. Ngati zinalembedwa penapake, zinalembedwa m'Chingerezi, pa mapepala amene ife tinkangodindapo chala. Pansi tinkalankhula Fanakalo, chilankhulo cholamulirana ndi kuchenjezana mwala ukamagwa. Za penshoni sizinkakambidwa m'menemo.

Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown itangonyamuka, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo atamaliza kontirakiti. Kamuzu analetsa kulemba anthu. Nthawi imeneyo Amalawi m'migodi ya ku South Africa tinalipo oposa 100,000, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira pafupifupi tonse tinabwerera. Khomo linatsegukanso mu 1977, chaka chimene dzina la Wenela linalowedwa m'malo ndi la Theba, koma chiwerengero chathu sichinafikenso ngakhale pa 20,000. Ine ndinabwererako mu 1978 nditakwatira. Ulendo umenewu ndi umene unandipatsa khadi lija la chithunzi cha mutu waukulu, limene aliyense wa ku mgodi amalidziwa kuti makhuluskop.

Mu Ogasiti 1987 kunachitika sitiraka yaikulu ya bungwe la ogwira ntchito m'migodi la NUM, limene mlembi wake wamkulu anali Cyril Ramaphosa. Inatha milungu itatu, ndipo anthu masauzande ambiri anachotsedwa ntchito. Ife Amalawi tinagwira njakata. Tikazengereza, anzathu ankatiyang'ana ndi diso loti ndife ogulitsa anzathu, koma kwathu kunali boma la chipani chimodzi, ndipo munthu sankadziwa chimene chimudikira pa bwalo la ndege dzina lake likamveka kuti ndi wa mabungwe. Ndatchula sitirakayi chifukwa kulimbana kwa bungwe lija n'kumene kunabala thumba latsopano la Mineworkers Provident Fund mu 1989, lokhala ndi oimira antchito m'kati mwake. Pamene linkatsegulidwa, ambiri a ife tinali titakhala kale kumudzi.

Chifukwa chimene chinaperekedwa potibweza kumudzi chinali Edzi. Anati Amalawi pafupifupi 200 apezeka ndi kachilombo, ndipo bungwe la eni migodi la Chamber of Mines linapempha boma lathu kuti liziyeza magazi aliyense asananyamuke. Boma linakana, kulemba anthu kunaima, ndipo pakati pa 1988 ndi 1992 amuna pafupifupi 13,000 tinabwerera. Ine ndinabwera mu 1988 ngati munthu wa pa tchuthi. M'thumba ndinali ndi kalata ya bonasi yonena kuti ndikabwerere pa ntchito yanga yomweyo. Bokosi langa lachitsulo, muli mabulangete, jekete ndi mapepala ambiri a malipiro, ndinalisungitsa kwa mnzanga wa ku Mozambique kuti ndidzalipeza. Nditapita kukalembetsanso ndinapeza amuna ali mbwee pabwalo, chitseko chili chotseka. Munthu wodziwa kuti akuchoka kotheratu amafunsa zake zonse asananyamuke. Ife sitinafunse kanthu, chifukwa tinkati tikubweranso. Kumudzi nako kunali manong'onong'o akuti a ku Theba abweretsa matenda, moti zaka zoyambirira zija munthu sankafuna n'komwe kuimirira pagulu n'kunena kuti anali ku mgodi.

Zotsatira zinali zaka za mphekesera. Pa kampeni ya 1994 tinamva kuti Theba atsegulidwanso. Pambuyo pake chisankho chilichonse chikayandikira, nkhani ya ndalama zathu inkadzuka. Tinkaitanidwa pa bwalo la sukulu, kulemba mayina, kubwerera, kenako zii. Panabweranso anthu ena ovala mataye, onyamula mabuku ndi zidindo, onena kuti ndalama zafika kale m'dziko muno, chatsala ndi cholembetsera basi. Ndinagulitsa mbuzi n'kulipira, monga anachitira amuna ambiri a m'dera lathu. Atalandira ndalamazo anati aliyense apereke mapepala ake enieni a ku mgodi, akawaonetse kwa akuluakulu.

Apa ndi pamene mayi a kunyumba kwanga anandipulumutsa. Khadi langa la makhuluskop ndi kalata ya bonasi ija ankazisunga iwo, atazikulunga m'pepala la shuga, m'kachitini ka tiyi momwe munalinso makadi a sikelo a ana athu. Nditapita kukatenga anaima pakhomo la kuchipinda. "Abambo, khadi ili silituluka m'nyumba muno. Ngati akufuna nambala abwere adzalembe pompano, ine ndikuona." Ndinawauza kuti anzanga onse apereka. Anati, "Anzanuwo ali ndi akazi awo. Ine ndinasenza ana ndekha zaka zonse zija chifukwa cha khadi limeneli." Anthu a mataye aja anakwera galimoto ndi jumbo yodzaza makadi a anthu, ndipo sitinawaonenso. Amuna ena anataya tsiku limenelo umboni wokhawo umene anali nawo wakuti anatsikapo mgodi. Mwa zonse zimene tinaberedwa, kuba kumeneku ndi kumene sindinakukhululukire, chifukwa mbuzi imabereka ina koma khadi la 1978 silibwerera.

Zitatero ambiri anataya mtima. Ndikayambitsa nkhaniyi pa maliro kapena pa bawo ankandiyankha kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo, tiyeni tizilima. Sindinkawatsutsa. Munthu amene wagulitsa mbuzi kawiri katatu chifukwa cha lonjezo ali ndi chifukwa chotsekera makutu.

Amene anamasula mfundo ndi mdzukulu wanga wamkazi, amene anamaliza Fomu 4 ndipo amagwira ntchito m'sitolo ku Lilongwe. Anabwera pa tchuthi, anayala mapepala onse pa mphasa, anakhala ndi foni yake mpaka madzulo, kenako anandifunsa funso limene palibe anandifunsapo. "Agogo, mukamati ndalama za Theba, mukunena ziti?" Ndinati ndalama zathu zija. Anati, "Ayi agogo, si nkhokwe imodzi. Nkhokwe zake ndi zingapo, iliyonse ndi mwini wake, ndipo pa ina dzina lanu mulibe."

Zimene anandifotokozera ndi zimene ndikufuna aliyense wa ku mgodi amve. Theba amasunga mabuku a ntchito yathu: unalowa liti, mgodi uti, unatuluka liti. Kalata yochokera m'mabuku amenewo ndi yofunika kwambiri, koma ndalama za ukalamba zili m'manja mwa ena. Kwa ife amene tinagwira ntchito pakati pa 1970 ndi 1989, thumba lake ndi Mines 1970 Provident Fund, limene Chamber of Mines inakhazikitsa mu 1970, ndipo lero ntchito yake ndi kusunga ndalama za anthu amene sanadzatenge. Zanga zinali m'menemo. Amene anapitiriza ntchito kuyambira 1989 afunse ku Mineworkers Provident Fund. Wovulala pa ntchito, woduka chala kapena wogontha khutu, nkhani yake ndi ya inshuwalansi ya Rand Mutual. Wodwala m'mapapo njira yake ndi inanso. Ndipo bungwe loyang'anira za chuma ku South Africa, la FSCA, lili ndi malo pa intaneti pamene munthu amafufuza ngati dzina lake lili pa ndalama zosatengedwa. Ndalama zoterozo m'mathumba a penshoni a dziko limenelo zimaposa R40 biliyoni, ndipo pakati pa eni ake pali anthu ambiri a m'migodi. Thumba likakuzunguza, kuli ofesi ya Pension Funds Adjudicator ku Pretoria yolandira madandaulo. Pa zonsezi palibe pamene amalipiritsa cholembetsera. Mdzukulu wanga atanena mawu amenewo ndinakumbukira mbuzi yanga, ndipo ndinatuluka panja kaye.

Tinkaganiza kuti tapeza khomo ndiye kuti tamaliza. Mavuto enieni anayambira pamenepo. Mu 2017 boma lathu linalemba anthu onse n'kutipatsa zitupa za unzika. Pa chitupa changa pali dzina langa la ubatizo ndi mfunda wanga, mayina amene ndakhala ndikudziwika nawo ku mpingo ndi kwa amfumu moyo wanga wonse. Chaka chobadwa ndi chimene amayi ankanena. Pa khadi la ku mgodi pali dzina la kuubwana, dzina la bambo anga, ndi chaka chimene kalaliki uja anawerenga pa nkhope yanga. Palibe chimodzi chogwirizana. Pa ofesi ina imene tinapita ndi mafomu, mnyamata wa msinkhu wa mwana wanga wotsiriza anaika makadi awiriwo pamodzi, n'kunena mwaulemu ndithu, "Madala, munthu wa pa khadi ili si inu."

Sindinamupsere mtima. Chithunzi chinali cha mwamuna wa tsitsi lakuda ndi khosi lonenepa, ndipo amene anaima patsogolo pake anali nkhalamba yopuma movutikira. Ndinamuuza kuti atembenuze khadilo ndisalione. Ndinatchula nambala yanga yonse pamtima, mmene ankaiitanira pa chikepe m'bandakucha. Anayang'ana khadi, anayang'ana ine, anangoti kakasi. Kenako anati, "Ine ndakukhulupirirani, bambo. Koma amene akawerenge fomuyi ali ku Johannesburg, ndipo sakumvani mukutchula." Ananena zoona, ndipo ndi iye amene anatiuza zoti tichite.

Panafunika kalata ya amfumu yonena kuti mayina onsewo ndi a munthu mmodzi, ndipo kalatayo idindidwe ndi mfumu yaikulu komanso ku boma. Panafunika kukalumbira pamaso pa majisitireti, ndi mboni zimene zinandidziwa ndisanapite ku Joni. Mboni zoterozo zatsala zochepa, ndipo ina tinachita kuinyamula pa kabaza chifukwa miyendo inaleka. Panafunika makope a chitupa odindidwa kuti ndi oona, ndipo chidindocho chimatha mphamvu pakapita miyezi itatu, moti fomu ikabwezedwa chifukwa cha chinthu china, umapeza kuti zidindo nazo zafa, uyambirenso. Panafunika akaunti ya ku banki m'dzina langa, ndi kalata ya banki yoitsimikizira. Ndinatsegula akaunti ndi ndalama ya mtedza. Pamene tinkadikira yankho, banki inkadula pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi mpaka akauntiyo inagona, ndipo pamene ankati atumize ndalama, panalibe potumiza. Ulendo uliwonse wa ku boma kapena ku Lilongwe ndi thiransipoti ya anthu awiri, chifukwa ndekha sindingathe kuwerenga zimene akundisainitsa. Ndaona anzanga akusiyira panjira, ndalama zawo zilipo ndithu, chifukwa chosowa ya minibasi.

Chimene chinathetsa mkangano ndi zala. Anandidindanso zala khumi zija, n'kuzitumiza kuti akaziyerekeze ndi za m'mabuku akale. Mayina anasiyana, zaka zinasiyana, nkhope inasintha, koma zala zinagwirizana.

Uthenga unafika pa foni ya mdzukulu wanga, ndipo anandiimbira kudzera kwa aphunzitsi a pafupi nafe. "Agogo, zalowa." Sindibisa, zinali zochepa poyerekeza ndi zimene anthu amalota. Zinakwana malata a nyumba yathu, feteleza wa chaka chimenecho, ndi fizi ya mdzukulu wina. Zotsala ndinazisiya ku banki kuti zidzathandize pa matenda, ndipo mu Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, zinasungunuka ndikuziona. Kumudzi mbiri inamveka kuti ndalandira mamiliyoni. Abale amene sanandiperekezepo ngakhale pa siteji anabwera ndi mavuto awo, ndipo ena mpaka lero satilankhula chifukwa amati ndinabisa. Usiku tinkagona ndi mantha a akuba. Ndinachita kuonetsa amfumu kalata ya ku banki kuti iwo auze anthu zoona zake.

Anthu ena amandiuza kuti ndithokoze. Mulungu ndinamuthokoza, mdzukulu wanga ndi agogo ake ndinawathokoza. Koma ndalama izi sizinali chithandizo, ndipo sizinali mphatso ya wandale aliyense. Linali thukuta langa, limene linagona m'dziko la eni ine ndikulephera kulipira fizi ya ana anga. Mwana wanga woyamba anasiya sukulu ali Fomu 2 m'zaka zimene ndalamazi zinali zili kale m'dzina langa. Zikanabwera nthawi imeneyo zikanasintha moyo wa munthu. Zabwera pamene zingangofolera nyumba ya nkhalamba ziwiri.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi kumva kuti ndalama zinakhalitsa chifukwa eni ake sitinkapezeka. Ife sitinasamuke. Mudzi umene ndinatchula pa tebulo la kalaliki mu 1972 ndi womwe ndikukhalamo lero, mfumu yake ndi ya banja lomwelo, ndipo zonsezi zinalembedwa m'buku. Pamene eni migodi ankafuna manja athu, anali ndi magalimoto, ndege ndi sitima, ndipo ankadziwa njira yofika pakhomo pa mayi anga. Munthu akafera pansi, uthenga unkafika kwa amfumu. Ndiye zinatheka bwanji kuti pa nthawi yobweza, njira yomweyo isoweke, ndipo ikhale nkhalamba yosadziwa Chingerezi imene iyenera kufunafuna ofesi ya m'dziko lina? Maboma athu nawo, amene ankalandira ndalama zakunja kudzera m'malipiro athu aja, anayenera kukhala oyamba kutilondolera. Ndikanakonda kuti buku lililonse la mayina a anthu amene ndalama zawo zikudikira liwerengedwe pa wailesi m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, boma ndi boma, ndi mayina a midzi, mmene amawerengera mauthenga a maliro. Amayi amasiye angazindikire amuna awo tsiku lomwelo.

Nkhani ya m'chifuwa sinathe. Tikatsika m'mawa, miyala itaphulitsidwa dzulo lake, nyali ya pa chipewa inkaonetsa fumbi lili tolo m'njira yonse. Lamulo linali loti tizithira madzi pa mwala poboola, koma paipi ikauma ntchito sinkaima, chifukwa bonasi ya gulu inkawerengedwa ndi kuchuluka kwa mwala umene tagwetsa. Ukatuluka, malovu ndi mamina zinali zotuwa. Fumbi limenelo limakhala m'mapapo osatuluka, ndipo matenda ake, a silicosis, amatha kuonekera patapita zaka zambiri munthu atasiya ntchito. Amatsegulanso khomo la chifuwa chachikulu. N'chifukwa chake chithunzi chimene anatijambula potuluka, chonena kuti tili bwino, sichitanthauza kanthu lero. Anzanga ambiri anamwalira akutsokomola, anthu n'kumati ndi fodya, ena n'kumati ndi matenda aja anatinamizira.

Lamulo la ku South Africa la 1973 limati wodwala chifukwa cha fumbi la mgodi alipidwe chipukutamisozi, ndipo amene anagwirapo ntchito ku mgodi ali ndi ufulu woyezedwa m'chifuwa mwaulere zaka ziwiri zilizonse. Zithunzi zimaunikidwa ndi madokotala a ofesi ya boma ya MBOD ku Johannesburg. Kwa nthawi yaitali ndalama zake zinali zochepa, mpaka munthu wina wa ku mgodi ngati ife, Thembekile Mankayi, anakasuma. Khoti la Constitutional Court linagamula mu Malichi 2011 kuti wantchito wa ku mgodi angathe kusumira kampani yake, koma iye anali atamwalira masiku ochepa chigamulocho chisanaperekedwe. Mlandu waukulu umene unatsatira unatha ndi mgwirizano wa R5 biliyoni ndi makampani 6 a golide, umene khoti linavomereza mu 2019, ndipo mu 2020 kunakhazikitsidwa Tshiamiso Trust kuti izilipira. Imakhudza amene anagwira ntchito m'migodi ya makampaniwo pakati pa 12 Malichi 1965 ndi 10 Disembala 2019, pamodzi ndi mabanja a amene anamwalira. Pa mgwirizanowo, wodwala silicosis anayikiridwa kuyambira R70,000 mpaka R500,000 malinga ndi kukula kwa matenda. Khomo limeneli lili ndi malire a zaka 12, ndipo zingapo zadutsa kale. Ine ndinajambulitsa m'chifuwa, adokotala anaona zipsera, ndipo mapepala ake tikusonkhanitsa. Kukwera kamtunda ka ku tchalitchi ndimapuma kawiri.

Masiku ano nthawi yanga yambiri ikupita pa nkhani ya alamu anga, mkazi wa mnzanga amene ankagona pa bedi la pamwamba pa langa ku komboni. Mnzangayo anamwalira kunyumba, atatsokomola zaka zambiri, ndipo tinamuika mwa mwambo wathu, popanda kalata ya imfa. Ukwati wawo unali wa ankhoswe, wopanda setifiketi. Khadi lake linapita m'jumbo ya anthu a mataye aja. Alamuwo anabwera kwathu atamva kuti ndalandira, anakhala pansi pa khonde, anati, "Alamu, ine nambala sindikuidziwa. Iwo sankakamba za kumeneko. Ndingodziwa kuti anapita, anabwera, anadwala." Kwa mayi wamasiye mtunda wake ndi wautali kuposa wanga, chifukwa ayenera kutsimikiza zinthu zitatu: kuti mwamunayo anagwira ntchito, kuti anamwalira, ndiponso kuti anali mwamuna wake. Zala zoti n'kudinda palibenso.

Nambala yake nanenso sindikuikumbukira yonse. Koma tsiku lolembetsa lija iye anali patsogolo panga pa mzere, ndipo ndinamva mayina amene anapatsa kalaliki, amene ngakhale mkazi wake sanawamvepo. Ndikudziwa mgodi wake, shafuti yake, ndi zaka zimene tinalowa ndi kutuluka. Mdzukulu wanga akuti ndi zimenezo mabuku angathe kufufuzidwa. Amfumu alemba kale kalata yonena za imfa ndi manda ake. Mwa ankhoswe a ukwati wawo watsala mmodzi, wa kuchikazi, ndipo wavomera kukaikira umboni. Lolemba likubwerali tonse atatu, ine, alamu ndi ankhoswewo, tikupita ku boma kukalumbira, ndipo ya minibasi tasonkherana ndi ana ake.